Voti imodzi ya ku Terrebonne ndi ufulu wa munthu woponya voti ku Canada

Mayi wina wa m'tauni ya Terrebonne, kumpoto kwa mzinda wa Montreal m'chigawo cha Quebec ku Canada, anachita zonse zimene lamulo limafuna kwa munthu wovota. Anapempha kuti avote kudzera pa positi. Pepala lovotera litabwera analembapo dzina la munthu wa kumtima kwake, analiika mu envelopu imene bungwe loyendetsa zisankho la Elections Canada linamutumizira, anamata, n'kukaiponya kudakali nthawi yambiri. Chisankho chinachitika pa 28 Epulo 2025. Patangopita masiku ochepa, mayiyu anaipeza envelopu ija m'bokosi lake la makalata, ili chimatire. Inali itabwezedwa. Keyala ya ku Canada imathera ndi zilembo zitatu zosakaniza ndi manambala atatu, zimene zimauza a positi dera lenileni kumene kalata ikupita, ndipo pa envelopuyi zomalizirazo zinali zolakwika. Sanalembe ndi iye. Keyalayo anamata ndi antchito a bungwe la zisankho.

Zikanakhala kudera lina, bwenzi nkhaniyi itathera pa kudandaula kwa munthu mmodzi. Koma ku Terrebonne, mavoti atawerengedwa komaliza pamaso pa woweruza, Tatiana Auguste wa chipani cha Liberal anapeza 23,352, pamene Nathalie Sinclair-Desgagné wa chipani cha Bloc Québécois, yemwe anali phungu wa derali kuyambira 2021, anapeza 23,351. Anasiyana ndi voti imodzi. Ndipo mayi uja ananena poyera kuti voti yake yobwezedwayo inali ya Bloc Québécois.

Ndikulemba izi poganizira abale athu amene anakhazikika ku Canada, ena atatenga kale unzika, ena akudikira. Ndikuganiziranso ife tonse amene tinazolowera kunena kuti "voti yanga imodzi ingasinthe chiyani?" Ufulu wovota ambiri timauona ngati umathera pa kuponya pepala m'bokosi. Lamulo la ku Canada limauona motalikirapo: pepalalo liyenera kufika, liwerengedwe pamaso pa anthu, ndipo ngati silinawerengedwe, mwini wake ali ndi khomo loti akagogode.

Tiyambe ndi mmene dzikolo limadzilamulira. Canada ili ndi boma la fedulo, kutanthauza kuti pali boma lalikulu ku Ottawa ndiponso maboma a zigawo, monga Quebec ndi Ontario, lililonse ndi nyumba yake ya malamulo ndi zisankho zake. Chisankho cha pa 28 Epulo 2025 chinali cha boma lalikulu. Dziko lonse linagawidwa m'madera 343, ndipo dera lililonse limatumiza phungu mmodzi ku House of Commons. Palibe pepala lovotera nduna yaikulu. Munthu wa ku Terrebonne sanaone dzina la Mark Carney kapena la Pierre Poilievre, atsogoleri a zipani zikuluzikulu, pa pepala lake. Anaona mayina a anthu opikisana m'dera lake basi. Chipani chimene chingakhale ndi aphungu okwanira kuchiikira kumbuyo m'nyumbamo ndicho chimapanga boma. Kuti chilamule popanda kupempha thandizo kwa ena chimafunika mipando 172. Chipani cha Liberal chinathera pa 169, Conservative 144, Bloc Québécois 22, NDP 7, ndipo Green mpando umodzi. Ndiye mukuona chifukwa chake mpando wa tauni imodzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Mille Îles unakhala nkhani ya dziko lonse.

M'dera lililonse wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale asafike theka la mavoti. Ndi mmenenso timasankhira aphungu ku Malawi, chifukwa maiko awiriwa anatengera njirayi kwa Angelezi. Ku Terrebonne anthu opitirira pang'ono 60,000 anavota, choncho wopambanayo sanafike ngakhale mavoti anayi pa khumi alionse. Madera ngati amenewa, a nyumba zatsopano zozungulira mizinda ikuluikulu, kumene anthu amagona koma kukacha n'kuthamangira ku ntchito m'tauni, ndiwo amasinthasintha maganizo kawirikawiri, ndipo ndi kumenenso obwera kuchokera kumaiko ena amapeza malo. Auguste mwiniyo anabadwira ku Haiti. Pa chisankho chomwechi, ku Milton East—Halton Hills South, kunja kwa Toronto, opikisana anasiyana ndi mavoti 21 okha atawerenganso.

Ndani ali ndi ufulu wovota? Gawo 3 la chikalata cha maufulu chotchedwa Canadian Charter of Rights and Freedoms, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 1982, limapereka kwa nzika iliyonse ufulu wovota ndi ufulu woimira pa chisankho. Lamulo la zisankho limawonjezera kuti munthuyo akhale atakwanitsa zaka 18 pa tsiku lovota. Ufuluwu sunabwere tsiku limodzi. Amayi ambiri anayamba kuvota pa zisankho za boma lalikulu mu 1918. Eni nthaka, a mitundu ya First Nations, anadikira mpaka 1960 kuti avote popanda kutaya maufulu awo ena. Akaidi onse analoledwa khoti lalikulu litagamula mlandu wa Sauvé mu 2002, ndipo mu 2019, pa mlandu wa Frank, khoti lomwelo linati nzika yokhala kunja sitaya voti chifukwa chokhalitsako. Choncho m'bale amene anatenga unzika wa Canada kenako n'kubwerera kwawo ku Dedza kapena ku Chipata angathe kupempha pepala lovotera ali komweko.

Apa ndikufuna ndichenjeze mosapsatira, pakuti wokutsina khutu ndi mnansi. Chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale si unzika. Munthu angakhale ku Canada zaka makumi awiri, akulipira msonkho, ana ake anabadwira komweko, koma ngati iye sanalumbire kukhala nzika, savota pa chisankho cha boma lalikulu. Nthawi zina kaundula amalakwika ndipo khadi loitanira kukavota limafika kwa munthu wosayenera. Khadilo silipereka ufulu. Kuvota ukudziwa kuti suli woyenera ndi mlandu, ndipo kungasokoneze pempho lako la unzika limene wakhala ukulidikira. Amene akudikira, lamulo limafuna kuti akhale atapezeka m'dzikomo masiku 1,095 pa zaka zisanu asanapemphe unzika. Pa nthawi yodikirayi saletsedwa kuthandiza pa kampeni, kugawa timapepala khomo ndi khomo, ngakhale kupereka ndalama ku chipani ngati ali ndi chilolezo chokhalitsa chija.

Kwa nzika, khomo ndi lotseguka kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Ngati dzina lako silili m'kaundula, ungalembetse pamalo ovotera tsiku lomwelo. Chofunika ndi kusonyeza kuti ndiwe yani ndiponso umakhala kuti, ndipo njira zilipo zitatu. Yachidule ndi chiphaso chimodzi cha boma chokhala ndi chithunzi, dzina ndi keyala, monga laisensi yoyendetsera galimoto. Ngati ulibe, zikalata ziwiri za dzina lako, chimodzi chikhale ndi keyala: khadi la kuchipatala ndi bilu ya magetsi, mwachitsanzo. Njira yachitatu ndi imene ambiri saidziwa, ndipo ndiyo yopulumutsa wophunzira wogona kwa achibale kapena munthu amene wangosamuka kumene. Umalemba ndi kusaina kuti ndiwe uje, ukukhala pakuti, ndipo munthu wina wokudziwa, amene anaikidwa kuvota pamalo omwewo ndipo ali ndi ziphaso zake, amakuchitira umboni. Mboniyo imaloledwa kuimira munthu mmodzi yekha, kupatula kumalo osungirako okalamba ndi odwala.

Palinso nkhani ya ntchito, imene imakhudza kwambiri abale athu ogwira mashifiti m'nyumba zosamalira okalamba, m'mafakitale ndi m'masitolo. Malo ovotera amakhala otsegula maola khumi ndi awiri. Ku Quebec ndi mbali yaikulu ya Ontario ndi kuyambira 9:30 m'mawa mpaka 9:30 usiku. Lamulo limati wantchito akhale ndi maola atatu otsatizana oti akavotere. Tiyerekeze mayi amene shifiti yake imayamba 10 koloko m'mawa n'kutha 8 koloko usiku. M'mawa ali ndi theka la ola, usiku ola limodzi ndi theka. Sizikukwana. Abwana ake ayenera kumulola kuti aweruke 6:30 madzulo, kapena ayambe ntchito 12:30 masana, kapena amupatse maola atatu pakati. Osankha nthawiyo ndi abwana, koma kudula malipiro chifukwa cha maolawo n'koletsedwa. Amene sakufuna kukokanakokana ndi abwana angavote pa masiku anayi oyambirira, Lachisanu mpaka Lolemba, kutatsala sabata yathunthu. Mu 2025 masikuwa anali 18 mpaka 21 Epulo, nthawi ya Pasaka, ndipo anthu oposa 7 miliyoni anavota pamenepo.

Munthu akalowa m'chipinda chovotera ku Canada angadabwe ndi kuphweka kwake. Kawirikawiri ndi holo ya sukulu kapena chipinda cha pansi pa tchalitchi. Pali tebulo, bokosi la katoni lomatidwa, ndi kachotchinga ka katoni kumbuyo kwake kuli pensulo. Wantchito amadula mzere pa dzina lako m'kaundula, amakupatsa pepala lopinda limene wasaina zilembo za dzina lake kumbuyo. Ukalitambasula umaona mayina atandandalikidwa motsatira alifabeti, chipani chili pansi pa dzina, ndipo kumbali kwa dzina lililonse kuli kabwalo koyera. Umachonga m'kabwalo kamodzi, n'kupindanso. Wantchito uja amang'amba kachidutswa kokhala ndi nambala, n'kukubwezera pepala kuti uponye wekha. Ukalakwitsa usanaponye, ungapemphe pepala lina kamodzi. Foni ikhale m'thumba, chifukwa kujambula pepala lochongedwa n'kuswa lamulo. Chifukwa chake n'chomveka: ngati munthu angathe kusonyeza umboni wa amene wavotera, ndiye kuti wina angathe kumugula kapena kumuopseza kuti aonetse.

Ndadekha pa kabwalo koyerako dala, chifukwa mpando wa Terrebonne unatembenukira pamenepo. Pepala limakanidwa ngati silinachongedwe, ngati lachongedwa malo oposa amodzi, ngati chochongacho sichili m'kabwalo, kapena ngati palembedwa zimene zingaulule mwini wake. Munthu wokwiya amene walemba mawu onyoza kapena kusaina dzina lake pambali amaona ngati wanena zakukhosi, koma voti yake ingapite pa mulu wa zowonongeka.

Nthawi yovota ikatha, zitseko zimatsekedwa ndipo kuwerenga kumayamba pomwepo, ndi manja, osati ndi makina. Bokosi limatsegulidwa pamaso pa mamonita a opikisana. Pepala lililonse limatambasulidwa, kuonetsedwa, dzina n'kutchulidwa mokweza, wina akuchonga pa pepala lowerengera. Monita akaona kuti voti ina yaikidwa polakwika amatsutsa, ndipo kutsutsako kumalembedwa. Pomaliza amalemba chikalata cha zotsatira za bokosilo, n'kuimba foni ku ofesi ya mkulu wa chisankho wa deralo. Manambala amene timaona pa wailesi yakanema usiku umenewo ndi a pafoni aja. Munthu wotopa, amene wakhala pa mpando kuyambira m'mamawa, angamve 38 pamene mnzake wanena 83.

N'chifukwa chake Terrebonne inatulutsa zotsatira zitatu zosiyana pasanathe masabata awiri, ndipo panalibe wakuba. Zoyamba, za pafoni zija, zinati Auguste watsogola ndi mavoti 35. Kenako mkulu wa chisankho wa derali anakhala pansi ndi zikalata zenizeni za bokosi lililonse n'kuphatikiza mwatsopano, monga lamulo limamulamulira m'dera lililonse, ndipo zinapezeka kuti wotsogola ndi Sinclair-Desgagné, ndi mavoti 44. Apa mpamene lamulo lina linadzuka lokha. Ngati woyamba ndi wachiwiri asiyana ndi mavoti osafika gawo limodzi pa magawo 1,000 a mavoti onse oponyedwa, mavotiwo amawerengedwanso pamaso pa woweruza, popanda wina kupempha. Pa mavoti 60,000 malirewo ali cha pa 60, ndipo 44 inali pansi pake. Mabokosi anapita ku khoti. Kwa masiku angapo mapepala anatambasulidwanso limodzilimodzi, maloya a mbali zonse ali pomwepo, ndipo okayikitsa ankapita kwa woweruza kuti agamule. Auguste anawonjezera mavoti 56, Sinclair-Desgagné anawonjezera 11. Pa 10 Meyi kunalengezedwa kuti Auguste wapambana ndi voti imodzi.

Ngakhale kusiyana kutaposa malire aja, kuwerenganso n'kotheka. Wovota aliyense wa m'deralo, osati wopikisana yekha, angapemphe woweruza pasanathe masiku anayi zotsatira zitatsimikizidwa. Ayenera kubweretsa umboni wolumbira woti mavoti anawerengedwa kapena kuphatikizidwa molakwika, ndi chikole cha madola 250. Ku Windsor—Tecumseh—Lakeshore anatsata njira imeneyi, ndipo pomaliza wopambana anatsala ndi mavoti anayi okha. Ndipo zikachitika kuti atawerenganso awiri afanana ndendende, saponya ndalama m'mwamba kapena kuchita maere. Anthu amakavotanso. Mfundo imeneyi ndiyo inapatsa mphamvu envelopu ya mayi uja: ikanafika, bwenzi onse awiri ali pa 23,352.

Koma woweruza wowerenganso mavoti amangoona mapepala amene ali m'mabokosi. Voti yosafika sangaiwerenge. A Elections Canada anavomereza kuti keyala inalakwika, komabe anati iwo alibe mphamvu yofafaniza zotsatira. Mphamvu imeneyo ili ndi khoti. Auguste analumbiritsidwa n'kukhala pa mpando wake ku Ottawa. Ena anakwiya nazo, koma ine ndimaona kuti bungwelo linayankha bwino. Bungwe limene lingathe kudzifafanizira lokha zotsatira likalakwitsa, lingathenso kuzifafaniza tsiku limene zotsatirazo sizinasangalatse akuluakulu.

Khomo lotsala ndi la gawo 524 la lamulo la zisankho, Canada Elections Act. Wopikisana aliyense, komanso munthu wamba aliyense amene anali woyenera kuvota m'deralo, angakasume ku khoti kuti chisankho chifafanizidwe. Zifukwa zololedwa ndi ziwiri: kuti wopambanayo sanali woyenera kuimira, kapena kuti panali zolakwika, chinyengo kapena kuswa malamulo zimene zinakhudza zotsatira. Nthawi ndi masiku 30 kuchokera pamene zotsatira zasindikizidwa mu gazeti ya boma ya Canada Gazette kapena pamene wodandaulayo wadziwa za vutolo, ndipo amasiya chikole cha madola 1,000. Wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo molunjika ku khoti lalikulu la dziko lonse pasanathe masiku asanu ndi atatu, osadutsira makhoti a pakati. Mawu ofunika kwambiri pamenepo ndi akuti "zinakhudza zotsatira". Si cholakwika chilichonse chimene chimagwetsa chisankho.

Muyeso wake unakhazikika pa mlandu wa dera linanso la m'mbali mwa mzinda, Etobicoke Centre ku Toronto. Mu 2011 Ted Opitz wa Conservative anaposa Borys Wrzesnewskyj wa Liberal ndi mavoti 26. Woweruza wa ku Ontario anafafaniza chisankhocho chifukwa cha zolakwika m'zikalata zolembetsera ovota, koma mu Okutobala 2012 khoti lalikulu, oweruza anayi kutsutsana ndi atatu, linabweza mpando kwa Opitz. Linati kulakwitsa kwa wantchito polemba fomu kusalande voti ya munthu amene anali woyeneradi kuvota, ndipo chisankho chigwe pokhapokha mavoti okhudzidwawo atafanana kapena kuposa kusiyana kwa opikisana. Ku Etobicoke mavoti okayikitsa amene anatsala sanafike 26. Ku Terrebonne kusiyana kunali voti imodzi, ndipo voti yotayika yodziwika inalinso imodzi.

Sinclair-Desgagné anasuma. Mu Okutobala 2025 khoti la ku Quebec linakana dandaulo lake, likunena kuti chimene chinachitika ndi kuphonya kwa munthu, kopanda cholinga choipa, kosafika pa zolakwika zimene lamulo likunena. Ndikumvetsa mantha a woweruzayo. Pa chisankho cha anthu mamiliyoni ambiri, choyendetsedwa ndi antchito ophunzitsidwa maola ochepa, zophonya sizingalephere, ndipo aliyense wogonja akanamathamangira ku khoti ndi kalikonse. Koma sindinagwirizane naye. Kwa mayi uja, kaya envelopu inalakwika mwadala kaya mwangozi, mapeto ake ndi amodzi: anachita mbali yake yonse, ndipo boma ndilo linamutayira voti. Pa 13 Febuluwale 2026 khoti lalikulu la Canada linamva apilo, ndipo tsiku lomwelo oweruza ambiri anagamula kuti chisankho cha Terrebonne chifafanizidwe. Mpando unakhala wopanda mwini. Zikatero lamulo limati chisankho chapadera chiitanidwe pakati pa masiku 11 ndi 180 kuchokera pamene mkulu wa zisankho wadziwitsidwa.

Mmalawi akamva izi sangalephere kukumbukira pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu ku Lilongwe anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, mapepala a zotsatira atapezeka ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo dziko linavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Milandu iwiriyi ndi yosiyana kukula, koma inaima pa mwala umodzi: panali mapepala oti woweruza awagwire ndi manja, ndipo panali anthu amene anasunga umboni n'kufika nawo ku khoti nthawi isanathe.

Gawo 3 lija lili ndi mbali yachiwiri imene timaiwala, ya kuimira. Nzika ya zaka 18 ingapikisane pa mpando wa phungu, ndipo sikakamizidwa kukhala m'dera limene ikuimiralo. Chofunika ndi masiginecha a ovota 100 a m'deralo, kapena 50 m'madera ena akutali a anthu ochepa, munthu woyang'anira ndalama za kampeni, ndi kupereka zikalata pofika masiku 21 chisankho chisanachitike. Kale pankafunikanso chikole cha madola 1,000, koma khoti la ku Alberta linachithetsa mu 2017 chifukwa chinkatsekereza osauka. Ndalama za kampeni zili ndi malire okhwima. Makampani ndi mabungwe a antchito saloledwa kupereka kalikonse. Opereka ndi anthu okha, nzika kapena okhala ndi chilolezo chokhalitsa, ndipo mu 2025 munthu sankaposa madola 1,750 pa chaka ku chipani chimodzi. Amalume a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ngakhale atakondwa bwanji kuti mwana wa mlongo wawo akuimira, asatumize ndalama za kampeni. Akatero amuika m'mavuto.

Kuphweka kwa khomo limeneli kunaonekera ku Carleton, dera la m'mbali mwa Ottawa. Gulu lotchedwa Longest Ballot Committee, limene limadana ndi njira yoti woposa anzake atenge zonse, linalembetsa anthu ambirimbiri mwadala, mpaka pepala lovotera linakhala ndi mayina 91, kutalika kwake pafupifupi mita. Madandaulo awo ali ndi mutu, pakuti Justin Trudeau, mtsogoleri wa Liberal pa nthawiyo, analonjeza mu 2015 kuti asintha njirayi, n'kusiya lonjezolo mu 2017. Komabe ndimamvera chisoni gogo wa maso ofooka amene anayenera kufufuza dzina limodzi pa chinsalu cha pepala chotero. Ovota a ku Carleton anawapeza mayina amene ankafuna: Bruce Fanjoy wa Liberal anagonjetsa Pierre Poilievre, mtsogoleri wa Conservative, yemwe anali phungu kuyambira 2004.

Tibwerere ku envelopu, chifukwa kuvota pa positi kuli ndi msampha umene ambiri sauona. Umapempha pofika 6 koloko madzulo Lachiwiri la sabata yoti chisankho chili Lolemba likubweralo. Pempho lako likangovomerezedwa, dzina lako limadulidwa mzere m'kaundula, ndipo sungangotulukira pamalo ovotera ngati wina aliyense n'kupempha pepala wamba. Pepala la pa positi silikhala ndi mayina. Pali mpata woti ulembe wekha dzina loyamba ndi lomaliza la wopikisana. Kulemba dzina la chipani lokha, kapena la mtsogoleri wa chipani amene sakuimira m'dera lako, n'kutaya voti. Ndipo chimene chimawerengedwa si tsiku limene unaponya kalata koma nthawi imene yafika. Ya munthu wovota ali m'dera lake ifike ku ofesi ya Elections Canada ya deralo malo ovotera asanatsekedwe. Ya wovota ali kunja kwa dera kapena kunja kwa dziko ifike ku Ottawa pofika 6 koloko madzulo pa tsiku lachisankho. Ikachedwa ndi ola limodzi siwerengedwa, ngakhale wochedwetsa ndi positi.

Safunsa anadya phula. Envelopu ikafika, yerekeza keyala yosindikizidwapo ndi keyala ya ofesi ya zisankho imene ili pa khadi lako loitanira kukavota, makamaka zilembo zomalizira zija. Ukakayika, imba foni ku ofesiyo, ndipo lemba tsiku ndi zimene akuyankha. Ngati ukukhala m'dera lomwelo ndipo masiku atha, usaidalire positi: nyamula envelopuyo ukaipereke ndi manja ku ofesi. Ungathenso kupita ku ofesi iliyonse ya Elections Canada Lachiwiri lija lisanadutse, n'kuvota pomwepo. Ukaona wina akuopseza ovota, akugula mavoti kapena akunamiza anthu za malo ovotera, wolandira madandaulo otere ndi ofesi ya Commissioner of Canada Elections, imene imafufuza milandu ya zisankho.

Ndipo chikakubwerera chilichonse, usachitaye. Mayi wa ku Terrebonne sanang'ambe envelopu yake pokwiya, sanaiponye m'bini pamodzi ndi timapepala ta malonda. Anaisunga ili yomata, keyala yolakwika ikuoneka, chizindikiro cha positi chili pomwepo, ndipo anaionetsa poyera masiku 30 aja asanathe.